Masiku Awiri mu Lilongwe ndi Mnzanga wa pa Ubwana



Ambiri mwa ife okhala m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota, kudzera ku Salima mpaka ku Mangochi, mzinda wa Lilongwe timapitako pa zifukwa zitatu. Choyamba ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, matenda akakula. Chachiwiri ndi pasipoti. Chachitatu ndi depoti ya mabasi, poperekeza mwana kapena mlamu wopita ku Joni. Onsewa ndi maulendo a nkhawa. Munthu amafika atakumbatira chikwama, namaliza chimene wadzera, n'kuthamangira basi dzuwa lisanapendeke. N'chifukwa chake mukamufunsa munthu amene wapondamo kambirimbiri kuti Nyumba ya Malamulo ili mbali iti, amangokanda m'mutu. Lero ndati ndikusimbireni za ulendo wa mtundu wina, wongopita kukaona, umene ndidayenda ndi mnzanga wa pa ubwana kumapeto kwa mwezi wa Julaye m'chaka cha 2024.

Mnzangayu, amene sindimutchula dzina pakuti ndi munthu wamanyazi, tidakulira limodzi ku Nkhotakota. Tinkawedza limodzi, ku madrasa tinkakhala pa mphasa imodzi, ndipo chikoti cha mwalimu chikamugwera iye, ine ndinkadziwiratu kuti chikubwera kwa ine. Titakula, ine ndidapita ku koleji ya maphunziro a Chisilamu, iye n'kuphunzira utelala kwa amalume ake. M'chaka cha 2013 adakwera basi wa ku Durban, nakapeza ntchito yosoka pa sitolo ina ya nsalu. Mu Epulo 2015, pamene alendo ankamenyedwa mu mzinda umenewo ndipo boma lathu lidatumiza mabasi okatenga a Malawi, iye adabisala natsala konko. Pa zipolowe za mu Julaye 2021 sitolo imene ankagwirako ntchito idaphwasulidwa, nakhala miyezi ingapo osasoka, komabe adapirira. Chimene chidamubweza chidali imfa ya bambo ake mu Meyi 2024. Inu mukudziwa kuti ife maliro sitigoneka masiku. Adafika patapita masiku anayi, dothi la pamanda litauma kale.

Kunyumba adapeza mayi a kunyumba kwake ndi ana atatu. Wotsiriza, wa zaka zinayi, ankati akamuona n'kubisala kuseri kwa chitenje cha amake, namanena kuti kwabwera alendo. Miyezi iwiri idatha mnzangayu akungozungulira pakhomo, osanena ngati abwerera ku Joni kapena ayi. Tsiku lina tikuchokera ku swala ya madzulo adandiima patsogolo nati, "Amwalimu, ine mu Durban ndingakuyendetseni usiku osasochera, koma likulu la dziko langa ndimangodziwapo depoti. Tiyeni mundiperekeze ndikalione." Ndidazindikira kuti munthuyu akufuna malo olankhulirapo kutali ndi makutu a pamudzi, ndipo ndidavomera.

Tidanyamuka Lachisanu titangotuluka mu mzikiti. Kuchokera ku Nkhotakota kukafika ku Lilongwe kudzera ku Salima pali makilomita pafupifupi 200. Pa mlatho wa Chia anyamata adathamangira minibasi yathu atanyamula nsomba m'mwamba, ndipo tidagulako zouma zoti tikapatse eni nyumba kumene tikafikire, pakuti mlendo wochokera kunyanja akafika chimanjamanja amasekedwa. Titadutsa Benga ndi kukhota pafupi ndi Salima, msewu udayamba kukwera mapiri a ku Dowa. Pofika pa Mvera ndi pa Chezi aliyense adali atatseka zenera. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000, tsono mphepo ya Julaye kumeneko imalowa mpaka m'mafupa. Mnzanga adavala jekete lake la ku Joni, ine n'kudzikulunga ndi nsalu imene mayi a kunyumba adandikakamiza kutenga.

Mzinda tidaulowera cha ku Kanengo dzuwa litafiira. Kumeneku n'kumene kuli mafakitale, nkhokwe zazitali za chimanga ndi msika wa fodya, ndipo popeza idali nyengo yogulitsa, malole odzaza mabelo adali ndandanda m'mbali mwa msewu, fungo la fodya lili ponseponse. Tidakagona kwa msuweni wanga ku Kawale. Iyeyo ndiye adatichenjeza za manambala a madera. "Musaganize kuti mukafika ku Area 18 ndiye kuti Area 19 ndi Area 20 mungoziwerenga ngati masitepe," adatero. "Manambala a kuno satsatana ndi msewu. Funsani kondakitala musanakwere." Akulu adati safunsa adadya phula, choncho masiku onse awiri tidali anthu ofunsa.

Loweruka m'mamawa tidayamba ndi tauni yakale, imene eni ake amati Old Town. Kunoku ndiye kudayambira Lilongwe. Mbiri imati boma loyamba lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1902 m'dera la mfumu Njewa, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, ndipo malowa adakula chifukwa cha ulimi wa fodya ndi misewu imene idakumana pamenepa. Adayamba kuwerengedwa ngati tauni mu 1947. Pa kalembera wa mu 2018 mu mzindawu mudapezeka anthu 989,318, ndipo m'mawa umenewo ndidaona ngati onsewo atsikira ku msika nthawi imodzi. Minibasi, njinga zamoto za kabaza, mawilibala a makala, amayi osenza madengu a tomato, zonse zimalimbirana njira imodzi.

Chimene chidatisangalatsa kwambiri ndi milatho ya mitengo imene anthu adakhoma okha pa mtsinje wa Lilongwe, yolumikiza misika ya tsidya lino ndi tsidya lina. Uliwonse uli ndi mwini wake amene amakhala pa mapeto n'kumalandira kandalama kwa aliyense wowoloka. Matabwa ake amagwedera, pansi madzi akuoneka m'mipata. Ife ana a kunyanja, amene tidazolowera bwato pa mwera, tidawoloka titagwira zitsulo ndi mitengo ya m'mbali, pamene mayi wina wosenza thumba la mbatata, mwana ali kumbuyo, adatipitirira osayang'ana n'komwe pansi. Mnzanga adaseka mpaka misozi, ndipo kadali koyamba kumumva akuseka chotero chibwerere.

Ku mbali ya nsomba tidapeza usipa, utaka ndi chambo chowamba, ndipo ogulitsa ambiri adali akwathu ndithu, a ku Salima ndi ku Mangochi. Titamva mtengo wa kamulu ka usipa tidayang'anana, pakuti ndalama yomweyo kwathu pa doko ukhoza kudzaza mbale. Mayi wina wogulitsa adatifotokozera bwino lomwe kuti pakati pa doko ndi benchi lake pali wowamba, pali galimoto, pali chiphaso cha msika, ndiponso pali nsomba zimene zimafumbutuka pa njira. Pamenepo tidaleka kudandaula.

Kuchoka apo tidalowera ku Bwalo la Njobvu, kumene kuli masitolo a nsalu. Apa mnzanga adasintha mayendedwe. Ankaima pa khonde lililonse pamene pali telala, kuyang'ana msoko, kugwira nsalu ndi zala, kufunsa mtengo wosokera yunifolomu ya sukulu, diresi la ukwati ndi kanzu. Kuseri kwa sitolo ina tidapeza bambo wina wachikulire wokonza makina osokera, atayala mitu ya makina akale pa tebulo. Mnzanga adazunguza gudumu la umodzi, natchera khutu kumvetsera kulira kwake monga dokotala amvetsera chifuwa, nafunsa mtengo. Atauzidwa adangogwedeza mutu, natsanzika. Swala ya masana tidakaswalira mu mzikiti waukulu wa pafupi ndi msika, ndipo titatuluka tidadya mpunga ndi nyama ya mbuzi pa malo ena odyera amene adapachika chikalata cha halaal pakhoma. M'tauni yakale malo otere sasowa, koma ndi bwino kuyang'ana chikalatacho kapena kufunsa musanakhale pansi.

Masana tidakwera minibasi ya ku City Centre. Kusiyana kwake n'kodabwitsa. Kumene tidachoka kudali phokoso ndi fumbi, kuno misewu yotakata, mitengo, ndi nyumba zitalizitali zotalikirana, anthu osaoneka chifukwa maofesi adali otseka. Mbali iyi idachita kujambulidwa pa pepala isanamangidwe. Dr Hastings Kamuzu Banda adalengeza mu 1965 maganizo osamutsa likulu kuchoka ku Zomba, pofuna kuti chitukuko chifikenso ku chigawo cha pakati ndi cha kumpoto. Ntchito idayamba mu 1968 pansi pa bungwe la Capital City Development Corporation, ndipo Lilongwe adakhala likulu mu 1975. Ndalama zoyambira ntchitoyi zidali ngongole yochokera ku boma la South Africa, pa nthawi imene mayiko ambiri a mu Africa ankalisala chifukwa cha tsankho lake.

Nditamuuza zimenezi mnzanga adaima nati, "Ndiye kuti ngakhale likulu lenilenilo lidamangidwa ndi ndalama za ku Joni, monga nyumba yanga ya malata ija?" Tidaseka, koma nkhaniyo idatifikitsa kwa agogo ake, amene adapita ku migodi pa Wenela. M'chaka cha 1974 ndege yobweza anthu a ku migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha a Malawi oposa 70, ndipo Kamuzu adaimitsa kulemba anthu kwa Wenela. Agogo akewo adabwerako nthawi imeneyo ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chimene sichidapole. Njira ya ku Joni si ya lero ayi. Mabanja a kunyanja akhala akuiyenda mibadwo itatu, ndipo m'badwo uliwonse walipira mtengo wake.

Tidafika pa manda a Kamuzu, amene adamwalira pa 25 Novembala 1997 mu chipatala china ku Johannesburg. Chinyumba cha pamandapo, chomangidwa ndi miyala yosalala, chidatsegulidwa mu 2006. Chili ndi nsanamira zinayi zoimira ngodya zinayi zimene makolo athu ankaloweza: umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Wotilondolera adafotokoza mwaulemu, ife n'kumamvetsera. Mnzanga adangoti, "Uyunso adakhala kunja zaka zambirimbiri, koma adagona kwawo." Ndidadziwa kuti maganizo ake ali pa manda ena, a dothi, a ku Nkhotakota.

Pafupi pomwepo pali Nyumba ya Malamulo. Ngakhale likulu lidasamuka mu 1975, aphungu adapitiriza kukumana ku Zomba mpaka pambuyo pa chisankho cha 1994, pamene adayamba kukumana m'nyumba ya boma ya ku Lilongwe. Nyumba yawoyawo, yomangidwa ndi thandizo la dziko la China, idatsegulidwa mu 2010. Sitidalowe, tidaionera kunja kwa mpanda. Ndidatulutsa K200 m'thumba, ija ili ndi nkhope ya mayi Rose Chibambo, n'kuitembenuza, ndipo nyumba ya pa ndalamayo idali yomweyo ili patsogolo pathu. Ndalama imeneyi timagulira mandasi tsiku ndi tsiku osaiyang'ana. Tidaonanso mapiri a maofesi a boma ku Capital Hill, kenaka n'kupita ku Area 18 kumene kuli nsanja yokumbukira asilikali amene adafa pa nkhondo zikuluzikulu, ndi chifanizo cha Kamuzu patsogolo pake. Asilikali a dziko lino a King's African Rifles adakamenya nkhondo mpaka ku Abyssinia ndi ku Burma, ndipo ambiri mwa iwo adali ana a m'midzi yathu ya kunyanja. Pobwerera tidaonera patali bwalo la masewero la Bingu National Stadium, limene lidatsegulidwa mu 2017 ndipo limalowa anthu pafupifupi 40,000.

Lamulungu m'mawa tidapita ku Lilongwe Wildlife Centre, nkhalango imene ili pakati pa tauni yakale ndi City Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Malowa amalandira nyama zovulala, zamasiye ndi zolandidwa kwa anthu ozigulitsa mozemba, kuzichiza, ndi kubwezera kutchire zimene zingathe kubwerera. Alendo amayenda m'tinjira ta m'nkhalango. Ukalowa mkati pang'ono phokoso la galimoto limazilala, n'kumangomva mbalame ndi apusi akudumpha m'mitengo. Tidakhala pa benchi lina moyang'ana mtsinje, ndipo pamenepo mnzanga adamasula thumba la mawu limene adalinyamula kuchokera kwathu.

"Amwalimu," adatero, "tandiwerengerani masamu awa. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti. Ndalama ya ku Joni ikafika kuno imatupa. Malata a nyumba yanga, fizi ya mwana wamkulu, mankhwala a mayi anga, zonse zachokera pa makina a ku Durban. Ndikakhala kuno, kodi yunifolomu za ana a pa boma zingadyetse anthu asanu ndi awiri? Koma ndikapitanso, mayi anga akadzatsamira mkono ndidzafikanso dothi litauma. Ndipo kamwana kaja kadzakula kakunditcha mlendo."

Sindidamuyankhe msanga, pakuti masamu ake adali oona. Ife amene timalandira kangachepe pa mwezi tikudziwa mmene thumba la chimanga, feteleza ndi sopo zakwerera, ndipo n'kosavuta kuuza mnzako kuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, iwe usali wogula ndiwo za pakhomo pake. Ndidangomuuza chimene maso anga amaona. Mwana wake wachiwiri, mnyamata wa zaka 11, ali m'kalasi mwanga. Ndi wanzeru, amaloweza msanga kuposa anzake, koma chaka chimenecho adayamba kujomba, ku sukulu ndi ku madrasa komwe, n'kumakakoka makoka ku doko kuti apeze ya kanema. Amake akamudzudzula amangotuluka. Koma chibwerere bambo ake, mwanayo sadajombepo tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo palibe adamukwapula. Ankangodziwa kuti madzulo pali munthu amene afunse kuti lero mwaphunzira chiyani.

Ndidamuuzanso za mbali inayo, kuti pasakhale chinyengo. M'kalasi momwemo muli ana amene bambo awo ali ku Joni koma akuyenda bwino, chifukwa bamboyo amaimba foni kawirikawiri, amalankhula ndi aphunzitsi, ndipo pakhomo pali amalume kapena agogo olimba. Mulinso ana amene bambo awo ali pamudzi pomwepo koma sadziwa n'komwe kalasi ya mwana wawo. "Achimwene," ndidatero, "chosankha ndi chanu ndi alamu anga. Ine ndangokuuzani zimene zili m'kaundula wanga." Adakhala chete nthawi yaitali akuponya timiyala m'madzi. Kenaka adafunsa nthawi imene basi yotsiriza ya ku Salima imanyamuka.

Tisanapite ku depoti adati tidzerenso ku Bwalo la Njobvu. Masitolo ambiri adali otseka, koma bambo wokonza makina uja adalipo, pakuti iye amapuma Lachisanu. Adanenerera mtengo kwa theka la ola, mnzanga akuloza apa pakutha, bamboyo akulumbira kuti makina a chitsulo chotere sapezekanso. Potsiriza adagwirana chanza. Mnzanga adatulutsa ndalama zimene ndidadziwa kuti adasungira tikiti ya ku Durban, nawerenga, ndipo mutu wa makinawo udakulungidwa m'thumba la saka. Mu minibasi kondakitala adafuna kuuika kumbuyo pamodzi ndi matumba a kabichi, koma mwini wake adakana, naufukata pa miyendo kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Nkhotakota.

Thebulo la makinawo adalipeza kwa amalume ake aja. Pamene ndikulemba pano amakhala pa khonde la sitolo ina pa boma, ndipo miyezi yotsegulira sukulu ndi ya pafupi ndi Eid ntchito imamuchulukira mpaka usiku. Miyezi ina imakhala yowuma, ndipo iye sabisa. Pasipoti yake ikadali m'sutikesi, yosatha ntchito, ndipo sadalumbire kwa munthu aliyense kuti sadzapitanso. Ine sindimufunsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti masana kamwana kaja ndiko kamamubweretsera chakudya pa khondepo, katagwira dzanja la mkulu wake, ndipo kamakuwa kuti "Ababa!" kakadali patali.

Kwa inu abale amene mungafune kuyenda ulendo wotere, malangizo anga ndi ochepa. Ngati ndi miyezi ya Juni ndi Julaye tengani zofunda, makamaka za ana. Misika ndi masitolo muyendere Loweruka m'mawa, pakuti Lamulungu ambiri amatseka, ndipo City Centre muione masana kapena Lamulungu pamene misewu ili phee. Ndalama musaike thumba limodzi, ndipo m'chipwirikiti cha ku depoti mwana mumugwire dzanja. Ngati muli ndi mbale ku Kawale, ku Mchesi, ku Biwi kapena ku Area 25, mudziwitseni nthawi ilipo ndipo mumutengere kansomba. Ana athu amaphunzira za likulu la dziko lawo m'mabuku a sukulu, ndipo n'koyenera kuti tsiku lina akaime okha pa mpanda wa Nyumba ya Malamulo, K200 ili m'manja. Ndipo ngati muli ndi mnzanu wakale amene wabwera kuchokera kutali n'kumangokhala duu pakhonde, mutengeni mupite naye. Nkhani zina zimene munthu sangazinene pamudzi amazinena pa ulendo.

Allah atisunge tonse pamodzi ndi mabanja athu, a pamudzi ndi a kutali omwe. Wassalamu alaikum.